Chithunzi cha molekyulu sichijambulidwa, chimamangidwa

Munthu akaona koyamba chithunzi cha puloteni m'magazini ya sayansi, maliboni ofiira ndi abuluu atapotanapotana pa pepala loyera, amaganiza kuti wina anasuzumira pa maikulosikopu yamphamvu n'kujambula. Sizili choncho. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi mafunde otalika mananomita 400 mpaka 700 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), pomwe hemoglobin, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, kukula kwake ndi mananomita 6 basi. Funde lalikulu chonchi silingaonetse ngodya za kanthu kakang'ono chotero. Atomu ya okosijeni si yofiira, ya nayitrojeni si yabuluu, ndipo puloteni ilibe mthunzi umene umagwa pansi ngati wa mtengo. Chilichonse chimene chili pa chithunzicho, kuyambira mtundu, mthunzi, mpaka mbali imene tikuonera, anachita kusankha ndi munthu atakhala pa kompyuta.

Pamapeto pa ntchito yoyeza puloteni, kaya ndi njira iti ya mu labu, ma X-ray, NMR kapena cryo-EM, chimene chimatuluka ndi mndandanda wa manambala. Mukatsitsa ku Protein Data Bank, nkhokwe ya pa intaneti yosunga mipangidwe ya mamolekyulu, fayilo ya 4HHB, imene ndi hemoglobin ya munthu isananyamule okosijeni, n'kuitsegula ndi pulogalamu wamba yolembera, simupezamo chithunzi ayi. Mupeza mizere yoposa 4,000 yoyamba ndi mawu akuti ATOM. Mzere uliwonse ukutchula dzina la atomu, amino acid imene atomuyo ilimo (ma amino acid ndi timagawo timene timalumikizana ngati unyolo kupanga puloteni), unyolo wake, ndi manambala atatu, x, y ndi z, onena malo amene yakhala. Muyezo wake ndi angstrom, gawo limodzi mwa magawo 10 a nanomita. Maatomu awiri a kaboni ogwirana amatalikirana ma angstrom 1.54. Nkhokwe ya Protein Data Bank inayamba mu 1971 ku Brookhaven National Laboratory ili ndi mamolekyulu 7 okha, ndipo pofika 2023 inali itadutsa 200,000.

Ntchito ya mapulogalamu monga PyMOL, ChimeraX, VMD ndi Mol* ndi kusandutsa manambalawa kuti akhale chinthu chooneka. Kusandutsa kumeneko ndiye amakutcha rendering. Kenaka pamabwera kutulutsa chithunzicho mu pulogalamu kuti chikakhale fayilo yokaika m'nkhani, pa posita kapena pa ma slide. Zimamveka ngati kungodina batani, koma pa masitepe awiriwa ndi pamene ntchito yabwino ya miyezi ingapo imakaonongekera.

Maonekedwe amene timasankha

John Kendrew atapeza mpangidwe wa myoglobin, puloteni yosunga okosijeni m'minofu, ku Cambridge mu 1958, panalibe sikirini yomuthandiza. Anachita kuumba chitsanzo chooneka ngati chingwe chonenepa chopindikapindika, ndipo pambuyo pake gulu lake linamanga china ndi timitengo tachitsulo tambirimbiri. Iye ndi Max Perutz, amene anathera zaka zoposa 20 pa hemoglobin, analandira mphotho ya Nobel mu 1962. Chapakati pa zaka za m'ma 1960, Cyrus Levinthal ku MIT anayamba kuonetsa mamolekyulu pa sikirini ya kompyuta. Inali mizere chabe, yopanda mthunzi, koma inkazungulira, ndipo ikamazungulira diso linkaona lokha chimene chili kutsogolo ndi chimene chili kumbuyo.

Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndiyo phata la nkhani yonseyi. Pa sikirini, puloteni timaimvetsa chifukwa tikuitembenuza ndi mausi. Wopanga chithunzi amakhala ataitembenuza kambirimbiri mpaka kuiloweza, ndiye akaiimitsa amaonabe kuya kwake chifukwa kuli m'mutu mwake. Wowerenga alibe mwayi umenewo. Iye walandira chinthu chophwatalala chimene sichisuntha. Mithunzi, chifunga, mizere ya m'mphepete, zonsezi zilipo kuti zibwezere zimene zinatayika pamene molekyulu inasiya kuzungulira.

Chisankho choyamba n'chakuti tionetsa chiyani. Maliboni amene tinawazolowera anafalitsidwa ndi Jane Richardson wa ku Duke University mu 1981, ndipo oyambawo anawajambula pamanja. Liboni limataya maatomu pafupifupi onse n'kusiya njira imene unyolo wadutsa: pamene wapotana ngati sipuling'i pali helix, pamene pali mivi yophwatalala pali beta sheet. Maonekedwe ena amaika mpira pa atomu iliyonse, motsatira zitsanzo za Robert Corey, Linus Pauling ndi Walter Koltun, ndipo kumeneko n'kumene kunachokera mwambo wopaka okosijeni utoto wofiira ndi nayitrojeni wabuluu. Palinso khungu lakunja la puloteni, limene kompyuta imalipeza pogubuduza kampira ka ma angstrom 1.4 kuchoka pakati kufika m'mphepete, kofanana ndi molekyulu ya madzi, pamwamba pa maatomu onse. Pamene kampirako sikangalowe, khungu limatseka.

Titenge chitsanzo chimodzi. Hemoglobin ili ndi maunyolo 4, ma amino acid 574, ndi magulu 4 a heme okhala ndi ayironi pakati. M'matenda a sickle cell mumasintha amino acid imodzi yokha pa unyolo wa beta: pa malo a 6 pamakhala valine m'malo mwa glutamate. Valine imeneyi imadana ndi madzi, ndiye imakalowa m'kadzenje ka hemoglobin yoyandikana nayo, pakati pa ma amino acid awiri, phenylalanine 85 ndi leucine 88, ndipo mamolekyulu amayamba kulumikizana n'kupanga ulusi wautali umene umapinda selo. Mukajambula zimenezi ndi maliboni okha, wowerenga saona kanthu, chifukwa liboni la munthu wodwala ndi la wosadwala n'zofanana. Mukaika mipira pa maatomu onse, valine imasowa m'chipiringu. Chimene chimagwira ntchito ndi kusakaniza: molekyulu yolandira ikhale khungu lotuwa kuti kadzenjeko kaoneke, inayo ikhale liboni lozilala, ndipo valine yokha ikhale timitengo ta mtundu wowala. Diso limathamangira pomwepo popanda womuuza. Palibe lamulo la render limene lingapulumutse chithunzi chimene chisankho ichi chinalakwika.

Njira ziwiri zopangira kuwala

Zimene mumaona mukamatembenuza molekyulu zimapangidwa ndi GPU, mbali ya kompyuta yoona za zithunzi. Mipira, maliboni ndi khungu zimaduladulidwa kukhala tizidutswa ta makona atatu, kenaka GPU imatiponya pa sikirini n'kusunga kamene kali pafupi kwambiri ndi diso pa kadontho kalikonse. Imachita zimenezi maulendo 30 kapena 60 pa sekondi. Liwiro lake n'chifukwa chakuti kachidutswa kalikonse kamapakidwa pakokha, kosadziwa kuti kanzake kakukatchinga kuwala kapena ayi.

Njira inayo ndi ray tracing, imene Turner Whitted anaifotokoza mu 1980 m'maonekedwe amene tikuidziwira lero. Iyi imayambira ku diso. Pa pixel iliyonse, kutanthauza kadontho kalikonse ka chithunzi, kompyuta imaponya cheza cholunjika kulowa mkati, n'kufufuza chinthu choyamba chimene chezacho chagunda. Pamalo pamene chagundapo, imaponyanso cheza china cholowera ku nyale. Chikafika osakumana ndi kanthu, malowo awala. Chikatchingidwa ndi atomu ina, malowo ali mu mthunzi. Chinthu chogundidwacho chikakhala choonekera mkati, cheza chimapitirira kukaona za kuseri. Chithunzi cha ma pixel 2400 m'lifupi ndi 1800 m'litali chili ndi timadontho 4,320,000, ndipo kalikonse kamafuna masamu akeake. N'chifukwa chake mukalemba ray mu PyMOL kompyuta imakhala kaye chete, fani n'kuyamba kulira.

Mapulogalamuwa anasankha njira zosiyana. PyMOL, imene Warren DeLano anaitulutsa mu 2000 ndipo pano ili m'manja mwa kampani ya Schrödinger, ili ndi ray tracer yake mkati. VMD ya ku University of Illinois imagwiritsa ntchito Tachyon ya John Stone, ndipo inapangidwira zinthu zazikulu. Gulu la Klaus Schulten kumeneko linafika pa chikuto cha kachilombo ka HIV cha maatomu 64 miliyoni mu 2013. ChimeraX ya ku University of California, San Francisco sidalira ray tracing. Mukalemba lighting soft, imawerengera mithunzi kuchokera mbali 64 pa GPU n'kuisakaniza, ndipo zimene mukuona pa sikirini ndi zomwezo zimene zisungidwe mu fayilo. Umenewu ndi ubwino waukulu, chifukwa mu PyMOL chithunzi cha ray nthawi zina chimatuluka chosiyana ndi chimene munachikonda pa sikirini.

Kuwala kofewa kotere amakutcha ambient occlusion, ndipo pulogalamu ya QuteMol ndi imene inaonetsa anthu ambiri mphamvu yake pa mamolekyulu mu 2006. Ganizo lake n'losavuta: malo amene ali poyera amalandira kuwala kuchokera mbali zonse, pomwe a m'dzenje amalandira kochepa, ndiye amada. Pa khungu la puloteni palibe chinthu chothandiza kuposa ichi. Mapanga amene mankhwala amalowamo amaoneka okha, akuya bii, ndipo zotumphuka zimayera mbee.

Mithunzi yakuthwa ya nyale imodzi ndi nkhani ina, ndipo ine pa maliboni ndimaizimitsa. Helix imodzi ikaponya mthunzi pa inzake, pamabwera mizere yakuda imene wowerenga amayesa ndi mbali ya puloteni. Mu PyMOL kulemba set ray_shadows, 0 kumathetsa zimenezi. M'malo mwake mzere wakuda wopyapyala wa m'mphepete umasiyanitsa bwino cha kutsogolo ndi cha kumbuyo: mu PyMOL ndi set ray_trace_mode, 1, mu ChimeraX ndi graphics silhouettes true. Zojambula za David Goodsell, amene anayambitsa Molecule of the Month mu 2000, zimaonetsa mphamvu ya njira imeneyi, mitundu yosanyezimira ndi mizere yooneka bwino basi.

Palinso kamera. Mwachizolowezi zapafupi zimakula ndipo zakutali zimachepa, monga diso limaonera. Koma mukafuna kuyerekeza mamolekyulu awiri kapena kuonetsa kuti mbali ziwiri n'zolingana, kamera yotero imanamiza, ndipo ndi bwino kusankha ya orthographic, imene siisintha kukula kwa chinthu kaya chili kutali kapena pafupi.

Masamu a ma pixel

Apa ndi pamene ambiri tinagwera. Posita yanga yoyamba ndinaikapo chithunzi chimene ndinangochikopera pa sikirini. Pa laputopu chinali chokongola kwabasi. Nditaifunyulula itasindikizidwa, m'mphepete mwa helix iliyonse munali timasitepe tooneka munthu ataima patali, ndipo dzina la amino acid imene ndinkafuna kukamba silinkawerengeka.

Chifukwa chake ndi masamu osavuta. Magazini ambiri a sayansi amafuna madontho 300 pa inchi imodzi, imene amalemba kuti 300 dpi. Inchi ndi masentimita 2.54. Chithunzi cha masentimita 8.5 m'lifupi ndi mainchi 3.35, ndiye chimafuna ma pixel pafupifupi 1,004. Cha masentimita 18, chodzaza tsamba, chimafuna 2,126. Molekyulu imene yatenga ma pixel 700 pa sikirini yanu, mukaitambasula kufika masentimita 18, mwatsala ndi madontho osakwana 100 pa inchi.

Ambiri amaganiza kuti dpi ndi khalidwe la chithunzi limene angalikweze pambuyo pake. Ayi, ndi kachizindikiro chabe kolembedwa mu fayilo, kouza pulinta kuti ma pixel awapanikize motani pa pepala. Kusintha 72 kukhala 300 mu pulogalamu yokonzera zithunzi sikubweretsa ma pixel atsopano, ndipo mukaikakamiza kuti iwaonjezere imangopeka timadontho ta pakati, chithunzi n'kuchita chimbuuzi. Ma pixel enieni amachokera ku render. Choncho muyambe mwadziwa kukula kwa chithunzi pa pepala, muwerengere, kenaka muuze pulogalamu. Mu PyMOL mungalembe ray 2126, 1600 kenaka png chithunzi.png, dpi=300. Mu ChimeraX ndi save chithunzi.png width 2126 height 1600 supersample 3.

Mawu akuti supersample 3 ndi amene amachotsa timasitepe tija. Pulogalamu imapanga chithunzi chachikulu katatu m'lifupi ndi katatu m'litali, kutanthauza ma pixel ochuluka ka 9, kenaka n'kuchichepetsa posakaniza timadontho toyandikana. M'mphepete mumasalala chifukwa pixel ya pa malire imatenga pang'ono mtundu wa molekyulu ndi pang'ono wa kumbuyo. Mu PyMOL ntchito yomweyi imachitika ndi set antialias, 2.

Kusakaniza kumeneku kuli ndi msampha wake. Mukapanga render kumbuyo kuli kwakuda, n'kudzachotsa mdimawo ndi pulogalamu ina kuti muike pa pepala loyera, molekyulu imatsala ndi kamkombero kakuda kuzungulira thupi lonse. Mankhwala ake ndi kusankha mtundu wa kumbuyo musanapange render, kapena kuuza pulogalamu kuti kumbuyo kukhale koonekera: set ray_opaque_background, off mu PyMOL, transparentBackground true mu ChimeraX. Pa zosindikiza, kumbuyo kukhale koyera. Kwakuda kumakongola pa sikirini, koma pa pepala kumamwa inki ndi kumiza tinthu ting'onoting'ono.

Za mtundu wa fayilo sizifuna mawu ambiri. PNG ndi TIFF zimasunga pixel iliyonse mmene ilili, ndipo zimatha kusunga kumbuyo koonekera. JPEG inapangidwira zithunzi za kamera: imagawa chithunzi m'timabokosi ta ma pixel 8 m'lifupi ndi 8 m'litali n'kutaya zimene ikuganiza kuti diso siliona. Pa nkhope ya munthu sizioneka, koma pa mzere wakuda wodutsa poyera pamabwera litsiro, ndipo limaonjezeka nthawi iliyonse mukasunganso. Zilembo, mivi ndi manambala ndi bwino kuziika pambuyo pake mu pulogalamu ngati Inkscape, imene imasunga zilembo monga mizere ya masamu yosaphwanyika ngakhale mutaikulitsa chotani. Muzitha kusinthanso dzina lolakwika osabwereza render yonse.

Mitundu nayo imasintha pochoka pa sikirini. Sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pomwe pulinta imasakaniza inki zinayi za CMYK, ndipo kubiriwira kowala kwambiri kapena buluu wakuthwa inki siingakwanitse. PyMOL ili ndi lamulo lakuti space cmyk limene limakuonetseranitu mitundu imene ingasindikizike. Ndipo musamasiyanitse zinthu ziwiri zofunika ndi kufiira ndi kubiriwira kokha. Pakati pa amuna ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupifupi mmodzi mwa 12 alionse amavutika kusiyanitsa mitundu iwiriyi, ndipo vutoli limapezeka pakati pa anthu a mitundu yonse. Buluu ndi olenji zimagwira ntchito yomweyo popanda kusiya wina panja.

Pamene chithunzi chokongola chimanama

Render siidziwa chimene chinayezedwa bwino ndi chimene chinangoyerekezedwa. Atomu iliyonse imaipatsa kunyezimira kofanana. Mbali za puloteni zimene zimagwedezeka kwambiri nthawi zambiri sizioneka pa ma X-ray, ndipo mu fayilo mumangokhala mpata: unyolo ukudumpha, mwachitsanzo, kuchoka pa amino acid ya 45 kupita pa ya 58. Mapulogalamu amaonetsa mpatawo ndi timizere toduladula. Sitikongola, koma musatichotse kapena kulumikiza ndi liboni losalala, chifukwa mukhala mwajambula chinthu chimene palibe anachiona. Komanso zimene zili mu fayilo ya X-ray nthawi zina ndi gawo chabe la molekyulu imene imagwira ntchito m'thupi, ndipo muyenera kupempha biological assembly kuti muone yathunthu.

Nkhaniyi yakula chibwerereni AlphaFold, pulogalamu yolosera mipangidwe ya mapuloteni. Nkhokwe yake inatsegulidwa mu 2021 ndipo mu 2022 inadutsa mapuloteni 200 miliyoni, onse olosera ndi kompyuta, osati oyezedwa. Amino acid iliyonse imapatsidwa nambala ya pLDDT, kuyambira 0 mpaka 100, yonena kuti kuloserako n'kodalirika motani. Pa tsamba la AlphaFold, yoposa 90 ndi ya buluu wakuda, 70 mpaka 90 buluu wozilala, 50 mpaka 70 yachikasu, yosakwana 50 ya olenji. Vuto ndi lakuti nambalayi imalembedwa m'danga limene mafayilo a X-ray amaikamo B-factor, ndipo ziwirizi zimayenda mosemphana. B-factor ikakwera ndiye kuti atomuyo malo ake ndi osakhazikika, pomwe pLDDT ikakwera ndiye kuti zili bwino. Munthu akalemba spectrum b mu PyMOL monga anazolowera, mbali zodalirika zimafiira, zokayikitsa n'kukhala zabuluu, ndipo wowerenga wozolowera B-factor amamva zosiyana ndi zoona. Choipa kuposa pamenepo ndi kupaka puloteni yonse mtundu umodzi, michira yosadalirika n'kumaoneka yolimba ngati pakati pake. Mawu a pansi pa chithunzi azinena kuti mitundu ikuimira chiyani, nambala ya fayilo ndi iti, ndiponso ngati ndi yoyezedwa kapena yolosera.

Kanema ndi zithunzi zomwezi zitandandalikidwa. Masekondi 10 pa zithunzi 30 pa sekondi ndi zithunzi 300, ndipo ngati chilichonse chikutenga mphindi imodzi ya ray tracing, amenewo ndi maola 5. Muyambe ndi tizithunzi ting'onoting'ono kuti muone kayendedwe, zazikulu zibwere pomaliza, muzilumikize kukhala kanema ndi pulogalamu ya ffmpeg. Mungathenso kutulutsa mpangidwe weniweniwo monga glTF, OBJ kapena STL, kupita nawo mu Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, kapena ku pulinta ya 3D, kungoti ukangotuluka umakhala tizidutswa ta makona atatu basi, ndipo simungaufunsenso kuti valine 6 ili pati.

Chomaliza chimene ndimachita ndisanatseke kompyuta ndi kusunga njira yobwererera. Nkhani ikapita ku magazini, pakadutsa miyezi ingapo wounika amatha kupempha kuti muonjezere amino acid imodzi pa chithunzi chachitatu, china chilichonse chikhale momwemo. Kupeza mbali yomweija ndi mausi n'kosatheka. Mumayandikira, koma zithunzi ziwiri zikaikidwa pamodzi kusiyana kumaoneka. Fayilo ya session, yosunga zonse mmene zilili mu pulogalamu, .pse mu PyMOL kapena .cxs mu ChimeraX, imathandiza, koma imalemera ndipo nthawi zina imavuta kutsegula pulogalamu ikasintha. Ine ndimadalira kafayilo ka malemba wamba kokhala ndi malamulo onse motsatana: kutsitsa molekyulu, kubisa zosafunika, mitundu, kuwala, kukula kwa chithunzi. Mu PyMOL mukalemba get_view imakupatsani manambala 18 onena pamene kamera yaima ndi kumene yaloza. Ndimawakopera m'kafayiloko pamwamba pa mzere wa ray, n'kukasunga mu foda imodzi ndi chithunzicho, dzina lake lofanana.